Tiziwalo Tinayi Tobisika Kuseri kwa Chithokomiro

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa ziweto, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndakhala ndikuyenda m'makola a ng'ombe za mkaka ku Bvumbwe ndi m'midzi yozungulira, m'boma la Thyolo. Alimi ambiri amandidziwira chigubu chachitsulo chimene ndimamangirira kumbuyo kwa njinga yamoto. M'chigubumo mumakhala nayitirojeni wamadzimadzi, wozizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo m'menemo ndimo timasunga timapaipi ta umuna wa nkhunzi za mtundu wabwino. Ng'ombe ikafika nyengo yofuna nkhunzi, ndimatulutsa kapaipi kamodzi, kukaviika m'madzi ofunda ngati thupi kwa theka la mphindi, ndipo mbewu imene inagona zaka zambiri m'chisanu imadzuka n'kugwira ntchito yake. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa chigubu chomwechi n'chimene chinandisowetsa tulo pa matenda a achemwali anga aakulu.

Achemwali anayamba kutupa pakhosi ali ndi ana atatu okha. Kwathu chithokomiro si chachilendo. Agogo athu aakazi anakalamba nacho, ndipo tili ana tinkaganiza kuti ndi mmene khosi la munthu wamkulu limakhalira. Masiku ano tikudziwa kuti nthawi zambiri chimakula chifukwa cha kuchepa kwa ayodini m'zakudya, n'chifukwa chake a zaumoyo amatilimbikitsa kugula mchere wothira ayodini. Koma cha achemwali chinali chitakula kale. Pofika chaka cha 2019 chinali chitatsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa, chikupanikiza njira ya mpweya. Sankathanso kugona chagada, ndipo nsima ankaimeza ndi madzi. Madokotala a chipatala china chachikulu anati palibenso kuchitira mwina, chiyenera kuchotsedwa chonse.

Opaleshoni inachitika Lachiwiri, ndipo tonse tinati yayenda bwino. Mawu awo sanasase, bala linali laukhondo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anagona osadzidzimuka. Lachinayi anawatulutsa. Lachisanu m'mamawa alamu anga anandiimbira foni.

"Alamu, bwerani msanga. Achemwali anu manja auma."

Ndinawapeza atakhala pamkeka, zala zonse zitasonkhana pamodzi ngati za munthu wotsina mchere, chala chachikulu chitapindikira m'kati, ndipo manja atakhota pamfundo. Ndinayesa kuwongola chala chimodzi, koma chinabwerera pomwepo. Mapazi nawo anali atayamba kukokana.

"Achimwene," anatero, "milomo yanga ikuchita ngati mukuyenda nyerere. Zinayamba usiku wa dzana, koma ndimayesa ndi mankhwala ogonetsa aja."

Pabwalo anthu anali atasonkhana kale, aliyense ndi nzeru yake. Wina anati ndi khunyu. Wina anati ndi matenda aja opha ziwalo mbali imodzi. Mayi wina wachikulire ananena motsitsa mawu kuti chinthu cha kumtundu sadula, ndipo kuti makolo akwiya. Sindiwaimba mlandu anthu amenewa, pakuti nanenso sindinadziwe chimene ndinkaona. Chimene chinandichititsa kufuna galimoto nthawi yomweyo ndi kapumidwe kawo, kamene kanayamba kumveka ngati mluzu.

Ku chipatala cha boma tinachita mwayi. Amene anatilandira atangoona bala la pakhosi anafunsa tsiku la opaleshoni, kenako anamanga pamkono lamba woyezera kuthamanga kwa magazi. Pasanathe mphindi zitatu dzanja linapindika kuposa kale. Anagogoda ndi chala patsaya, kutsogolo kwa khutu, ndipo mlomo unanjenjemera wokha. Anati kashiamu watsika m'magazi. Anatenga mankhwala n'kuwalowetsa mumtsempha pang'onopang'ono, maso ali pa wotchi, ndipo ine ndikupenya zala za achemwali zinamasuka chimodzichimodzi.

Apa ndi pamene mutu wanga unatseguka. Inu alimi a ng'ombe za mkaka mukudziwa ng'ombe imene imagwa tsiku limodzi kapena awiri itabereka, n'kulephera kudzuka, khosi litapindikira m'nthiti. Mkaka woyamba umakoka kashiamu wambiri m'magazi mwake kuposa amene thupi lingabwezeretse. Timailowetsa botolo la kashiamu mumtsempha wa pakhosi, mosathamanga chifukwa kuthamanga kumaimitsa mtima, ndipo ng'ombe imene mwini wake anali ataitanira kale ogula nyama imaimirira. Ndachita zimenezi kambirimbiri. Sindinaganizepo kuti munthu angagwe ndi vuto lofanana nalo. Ndinene pomwepa kuti botolo la ng'ombe si la munthu, ndipo wina asadzayerekeze.

Koma achemwali sanali oyamwitsa. Kashiamu wawo anapita kuti?

Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo ting'onoting'ono, kawirikawiri tinayi, tiwiri mbali iyi tiwiri mbali inayo, kalikonse kukula kwake ngati njere ya mpunga. Sindinamvepo dzina lake m'Chichewa. Madokotala amati parathyroid. Ngakhale tinamamatira ku chithokomiro, ntchito yake ndi ina. Timayang'anira kashiamu m'magazi usana ndi usiku. Akatsika pang'ono, timatulutsa madzi ena apadera, amene amatchedwa homoni, ndipo homoniyi imauza mafupa kuti atulutseko kashiamu, imauza impso kuti zisamutaye mumkodzo, ndiponso imathandiza impso kukonza vitamini D kuti matumbo athe kuyamwa kashiamu wa m'zakudya. Tiziwaloti tikasiya kugwira ntchito, mitsempha imakhala yosachedwa kudzidzimuka, ndipo minofu imakokana popanda woituma. Zikafika poipa munthu amakomoka ngati wakhunyu, kapena kholingo limatsekeka.

Monga munthu wa ziweto, zinandikondweretsa kumva kuti oyamba kutiona anatiyamba kutiona mu nyama. Richard Owen anaona kamodzi cha m'ma 1850 posenda chipembere chimene chinafa kumalo osungira nyama ku London. Ivar Sandström, mnyamata wophunzira udokotala ku Uppsala m'dziko la Sweden, anayamba kutiona mwa galu, kenako anatifufuza mwa nyama zina ndi mwa anthu, nalemba zimenezi mu 1880. Anthu sanasamale kwenikweni zimene analembazo. M'zaka zomwezo odwala ambiri ku Ulaya ankagwidwa ndi kukokana kwa minofu atachotsedwa chithokomiro, ena mpaka kufa, madokotala osadziwa chifukwa chake.

Anatiuza kuti tisataye mtima, pakuti mwa anthu ambiri tiziwaloti timangokomoka chifukwa cha kugwedezeka pa opaleshoni, ndipo timadzuka pakapita masabata kapena miyezi ingapo. Ndi owerengeka okha amene vutoli limawakhalira moyo wonse. Tinadikira. Miyezi 6 inatha, chaka chinatha, ndipo nthawi iliyonse imene ayesa kuchepetsa mapiritsi, nyerere zija zinkabwerera pamilomo. Achemwali anali mmodzi wa owerengekawo.

Mu 2021 mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino ku Britain ndipo amasamalira odwala impso, anandiimbira foni usiku wina. Tinacheza za mapiritsi, kenako anati:

"Amalume, mukudziwa kuti zipatala zina zikuluzikulu zimasunga tiziwalo timeneti mu nayitirojeni? Munthu akadzasowa, amatisungunula n'kumubzala pamkono."

"Nayitirojeni uti? Wonga wanga uja?"

"Yemweyo, amalume."

Usiku umenewo sindinagone. Chigubu chinali pakona pa chipinda, chodzaza ndi mbewu ya nkhunzi zimene zina mwa izo zinafa kalekale kutsidya la nyanja. Ndinadzifunsa kuti, kodi ng'ombe tikuisungira mbewu, koma munthu ayi? Mlongo wanga, amene anandibereka kumbuyo amayi ali kumunda, akumwa mapiritsi moyo wake wonse chifukwa cha kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, pamene ine ndimayenda ndi chisanu chokwanira kusunga tinthu totero mazanamazana. Ndinakwiya, ndipo mkwiyowo ndinapita nawo ku chipatala pa tsiku limene achemwali ankakaonedwa.

Dokotala amene tinamupeza sanali amene anachita opaleshoni. Anali wachinyamata, ndipo anandilola kulankhula mpaka ndinamaliza. Kenako anatenga pepala n'kujambula khosi.

Anati njirayo ilipodi, ndipo si yatsopano. Dokotala wina wa ku America, Samuel Wells, wa ku yunivesite ya Duke, ndiye anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1977 iye ndi anzake analengeza kuti abzala bwinobwino mwa munthu kachiwalo kamene kanasungidwa m'chisanu. Kachiwaloko amakaduladula m'tizidutswa ta milimita imodzi, n'kutiika m'madzi okhala ndi mankhwala oletsa kuti madzi oundana asaphulitse maselo. Amatiziziritsa mosafulumira, pafupifupi digiri imodzi pa mphindi, kenako n'kutitsitsira mu nayitirojeni. Tikafunika, amatisungunula m'madzi a madigiri 37, amatitsuka, ndipo amatsegula timatumba ting'onoting'ono mumnofu wa mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, n'kubzalamo tizidutswato. Amasankha mkono umene munthu sagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo wodwala safunika kugonekedwa tulo. Amangochititsa dzanzi pamalopo. Pakapita masabata angapo timitsempha ta magazi timamera n'kulowa m'tizidutswa tija, ndipo timayamba ntchito. Kuti adziwe ngati tagwira, amatenga magazi m'mikono yonse iwiri n'kuyerekeza: mkono wobzalidwawo uyenera kukhala ndi homoni yochuluka kuposa unzake. Ndipo ngati tizidutswato tadzakula mopitirira muyeso, n'kwapafupi kuchotsako pamkono kusiyana ndi kutsegulanso khosi.

Zonsezi ndinazimva mosavuta, pakuti theka lake ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndinafunsa funso limene ndinabwerera.

"Nanga adokotala, ta achemwali anga sanatisunge bwanji?"

"Bambo," anatero, "njira imeneyi kwenikweni si ya odwala onga mayiwa."

Anafotokoza kuti pali maopaleshoni awiri osiyana amene anthu timangowatcha a pakhosi. Pochotsa chithokomiro, tiziwalo tinayi tija timakhala tabwinobwino, ndipo ntchito ya dokotala ndi kutipeza, kutipatula mosamala, ndi kutisiya pamalo pake pamodzi ndi kamtsempha kamene kamatidyetsa, kochepa ngati ulusi. Kamodzi kakachoka mwangozi, kapena kakada chifukwa magazi sakufikako, sakasunga ayi. Amakadula tizidutswa n'kukabzala nthawi yomweyo mumnofu wa m'mbali mwa khosi, bala lisanatsekedwe. Pamenepo sipafunika chigubu, ndipo kobzalidwa tsiku lomwelo kamagwira kawirikawiri kuposa kosungidwa. Mlimi aliyense wa chinangwa kapena mbatata akudziwa kusiyana kwa mbewu yodula lero n'kubzala lero ndi imene yagona masiku pamthunzi.

Kusunga m'chisanu kunapangidwira amene tiziwalo tawo ndito tikudwala. Ambiri mwa iwo ndi odwala impso amene amasefedwa magazi ndi makina kwa zaka. Impso zikafooka, tiziwaloti timagwira ntchito mopitirira, timakula, ndipo timakokolola kashiamu m'mafupa mpaka mafupa amapweteka ndi kuthyoka wamba. Ena ndi a m'mabanja amene tiziwalo tonse tinayi timakula chifukwa cha chibadwa, ndipo ena ndi amene akutsegulidwa khosi kachiwiri kapena kachitatu. Kwa anthu otere dokotala amachotsa dala titatu ndi theka, kapena tonse tinayi n'kubzala pang'ono pamkono. Vuto lake ndi lakuti patsiku la opaleshoni sangadziwe ngati chotsalacho chidzakwanira. Akasiya chambiri matenda amabwerera. Akasiya chochepa munthu amakhala ngati achemwali anga. Yankho limadziwika patapita miyezi. N'chifukwa chake amasungako kena, monga mlimi amene sabzala mbewu yonse ndi mvula yoyamba.

Za achemwali sanandibisire. Anatsegula fayilo n'kundionetsa zimene a kumalo oyezera analemba: m'chotupa chimene chinachotsedwa anapezamo tiziwalo tiwiri. Chithokomiro chikakula kwambiri chimatikankhira kumalo achilendo, ndipo timaoneka ngati mafuta wamba. Tiwiri totsalato tiyenera kuti tinataya mtsempha wake. Pamene zinkadziwika, masiku anali atapita ndipo tiwiri tija tinali titaviikidwa kale m'mankhwala oumitsa nyama kuti iyezedwe. Panalibe chobzala, panalibenso chosunga.

Ndinafunsanso ngati ine ndingawapatse kanga kamodzi, popeza ndili nato tinayi ndipo ndife a bere limodzi. Achemwali anandigwira mkono n'kunena kuti, "Achimwene, musayambe zimenezo." Dokotala anati zayesedwapo mwa anthu ochepa, koma thupi limakana chiwalo cha munthu wina, ndipo wolandirayo amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha thupi, amene kuopsa kwake nthawi zambiri kumaposa kwa mapiritsi a kashiamu. Ubwino wonse wa kusunga m'chisanu uli pakuti munthu amabwezeredwa nyama yake yomwe.

Ndinatuluka mkwiyo utachepa, koma sindinganene kuti unatheratu. Patapita nthawi mphwanga uja anandiuzanso zina zimene zinandithandiza kuganiza mofatsa. Ngakhale kumaiko olemera njirayi si yodalirika monga ndinkaganizira. Tizidutswa tosungidwa timalephera kugwira kawirikawiri kuposa tatsopano, ndipo tikapitirira zaka ziwiri m'chisanu mphamvu yake imatsika. Si ngati umuna wa nkhunzi umene umapirira zaka makumi. Tochuluka mwa timene timasungidwa sititulutsidwa n'komwe, chifukwa eni ake amachira osatifuna, ndipo zipatala zina zinaleka kusunga poona kuti ndalama zake n'zambiri pamene opindula ndi ochepa.

Pali chinanso chimene ine ndikuchidziwa kuposa madokotala. Chigubu cha nayitirojeni chimapuma. Tsiku lililonse amachepa pang'ono, ndipo uyenera kuyeza ndi kamtengo ndi kuwonjezera nthawi yake isanapite. Chaka china nayitirojeni anachedwa kufika ndipo chigubu changa chinauma. Timapaipi tonse tinkaoneka bwinobwino, zolemba zake zili zowala, koma munalibenso chamoyo. Ndinapita khola ndi khola kukapepesa. Imeneyo inali mbewu ya ng'ombe, imene ungagule ina. Tangoganizani kuuza munthu kuti kachiwalo kake kokhako kanafa chifukwa galimoto ya nayitirojeni inasowa mafuta. Chipatala chimene sichingalonjeze chisanu chosadukiza kwa zaka ziwiri chisayambe kulonjeza kusunga nyama ya munthu.

Choncho mutandifunsa lero ngati zipatala zathu ziyambe ndi zigubu, ndinganene kuti ayi, osati poyamba. Tsiku lake lidzafika, pakuti odwala impso osefedwa magazi alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ena mwa iwo adzafunika opaleshoni ya tiziwaloti. Koma chimene chikanawapulumutsa achemwali ku Lachisanu lija n'chotsika mtengo kwambiri: kuyeza kashiamu m'magazi asanawatulutse, ndi munthu mmodzi wowauza kuti, mayi, mukamva dzanzi pamilomo kapena kunsonga za zala, musadikire kuti kuche. Iwo anamva nyerere zija ali pabedi la chipatala usiku wa Lachitatu, ndipo sananene chifukwa panalibe anawafunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma munthu angafunse bwanji za chiwalo chimene sakudziwa kuti ali nacho?

Moyo wa achemwali tsopano umayenda ndi wotchi. M'mamawa, asanadye kanthu, amamwa piritsi lolowa m'malo mwa chithokomiro chimene chinachotsedwa. Kashiamu amayamba kumwa patapita maola anayi, chifukwa akamwera pamodzi amatsekereza piritsi loyambalo kulowa m'thupi. Palinso kapiritsi ka vitamini D wokonzedwa kale, kotchedwa alfacalcidol, ndipo aka ndiko kovuta kupeza. Vitamini D wamba wa m'masitolo sakwanira, popeza homoni yothandiza impso kumukonza palibe. Anthu okoma mtima amawauza kuti angomwa mkaka wambiri ndi kudya usipa ndi mafupa ake omwe, makamaka poti mchimwene wawo ndi wa ng'ombe za mkaka. Zakudyazo n'zabwino, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala. Kumwa mapiritsi mopitirira nakonso kumaononga impso ndi kuyambitsa timiyala, motero amayezetsa magazi miyezi ingapo iliyonse. Mu 2024 dziko la America linavomereza jakisoni wa tsiku ndi tsiku wolowa m'malo mwa homoni yosowayo, koma mtengo wake si wa mlimi wa nthochi ndi nandolo.

Mantha athu aakulu tinawaona m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi kukokolola milatho kuno kum'mwera. Timapiritsi tating'ono tija tinali titatsala ta masiku anayi, ndipo njira inali itaduka. Achemwali anayamba kumwa kamodzi pa masiku awiri osauza munthu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi alamu anawapeza akulephera kugwira mthiko. Ndinasiya njinga kutsidya, ndinawoloka mtsinje wapansi, ndipo ndinayenda m'masitolo a mankhwala anayi ku Limbe ndisanapeze botolo limodzi. Kuyambira pamenepo timasunga mapiritsi a mwezi wathunthu amene sitiwakhudza, m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati, ndipo timawasinthanitsa ndi atsopano kuti asathe mphamvu.

Inu alangizi a zaumoyo ndi anzanga a m'makomiti a m'midzi, sindinalembe izi kuti anthu aziopa opaleshoni. Achemwali akanakana, mwina bwenzi titawaika kale. Lero amapuma bwino, amalima, ndipo amaimba m'kwaya. Koma m'mudzi mwanu mukabwera munthu wa bala latsopano pakhosi, muzimuyendera m'sabata yoyamba, makamaka masiku atatu oyambirira, ndipo muzimufunsa za milomo ndi zala. Akati zikuchita dzanzi kapena zikukokana, apite ku chipatala tsiku lomwelo atanyamula kabuku kake ka kuchipatala, ndipo womuperekeza anene pakhomo pomwe kuti munthuyu wachotsedwa chithokomiro.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa mudzi woyandikana nafe, chotupa chili kale ngati papaya wamng'ono, atapatsidwa tsiku la opaleshoni. Anamva kuti achemwali anadutsamo, ndipo anadzafunsa ngati apite kapena athawe. Ine ndinali pakhonde ndikuyeza chigubu. Achemwali anamukhazika pamkeka, anamuonetsa chipsera, n'kumuuza kuti apite ndithu. Kenako anamuphunzitsa zoti akafunse: ngati adzachotsa chonse kapena mbali imodzi, ngati adzayang'ana tiziwalo tinayi tija ndi kubzala kamene kangachoke, ndiponso ngati adzamuyeza kashiamu asanamutulutse. Mayiyo anati sangathe kutchula dzina la Chingerezilo pamaso pa dokotala. Anandiitana, ndinang'amba pepala m'buku langa lolembamo ng'ombe, ndipo ndinamulembera ndi zilembo zikuluzikulu. Analipinda kanayi n'kulimanga pansonga ya chitenje. Opaleshoni yake ili Lachiwiri likudzali, ndipo achemwali akuti Lachisanu lake ndiwatenge pa njinga akamuone.